Khola la nkhuku muliyeze poganizira miyezi ya dzinja

Nkhuku imene imangobwera kukhola kudzagona sifuna malo ambiri. Ikapeza kamtengo kokhazikapo mapazi, basi yakhutira. N'chifukwa chake kumudzi timaona nkhuku zambirimbiri zikukwera m'kakhola ka m'mwamba dzuwa likamalowa, m'mawa n'kutsika zili bwinobwino. Usana wonse zimakhala zili kudzala, kuseri kwa nkhokwe, m'mphepete mwa dimba, moti malo awo enieni ndi mudzi wonse. Ife a m'tauni, amene mapuloti athu ndi ogundana, tili ndi miyezi imene nkhuku tiyenera kuzitsekera usana ndi usiku, ndipo m'miyezi imeneyo ndi mmene khola limaonekera kukula kwake kwenikweni.

Ndimakhala ku Machinjiri mu Blantyre, m'nyumba ya lendi. Tikulowa tinapeza kuseri kuli khola la njerwa lofolera malata, mamita 2 m'litali, mita imodzi ndi theka m'lifupi, lokhala ndi kazenera kamodzi m'mwamba. Ndinayamba ndi nkhuku 7: tambala, zathadzi zachikuda 4, ndi misoti iwiri yakuda ija timati ya Mikolongwe, mtundu wa Black Australorp umene boma lakhala likuswetsa ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu kwa zaka zambiri. Chilimwe chonse zinkatuluka m'mawa, kukapalasa m'malo opanda nyumba kumtunda kwathu, madzulo n'kubwera zokha. Zachikuda zija zinaikira, zinafungatira, zinaswa. Pofika Novembala ndinali ndi nkhuku 23, zazikulu ndi zongokula kumene, ndipo zonse zinkagona m'khola lomwe lija popanda vuto lililonse.

Mvula itagwa, aliyense anadzala. Ku Machinjiri kampata kalikonse kamakhala ndi chimanga, ngakhale m'mbali mwa msewu. Tsiku lina m'mawa amayi achikulire oyandikana nafe anaima pa mpanda nandiitana.

"Mwana wanga, sindinabwere ndi mlandu ayi. Chimanga changa changoyamba kumera, koma nkhuku zanu zafukula mizere iwiri yathunthu. Tazitsekerani kaye mpaka chikule."

"Pepani kwambiri amayi, ndamva. Kuyambira mawa simuzionanso kumeneko."

Ankanena zoona. Munthu wagula mbewu ndi feteleza pa mitengo ya masiku ano, sungamuuze kuti apirire chifukwa cha nkhuku zako. Ndinazitsekera. Nkhuku 23 pa malo a masikweya mita 3, kutanthauza kuti pafupifupi 8 pa sikweya mita iliyonse (malo a mita imodzi uku, mita imodzi uku), ndipo pamalo omwewo panali modyera, momwera ndi zisa.

Choyamba kusintha chinali fungo. Mukatsegula chitseko m'mawa, mpweya woyabwa m'maso unkakuwombani. Ndi mpweya wa amoniya umene umatuluka m'zitosi zikanyowa. Nkhuku yaikulu imodzi imachita zitosi zoposa magalamu 100 pa tsiku, ndipo mbali yaikulu ya zitosizo ndi madzi. Zikamayenda panja, zambiri mwa zimenezi zimagwera kutchire. Zikatsekeredwa, zonse zimagwera pa utuchi womwewo. Ndinkachotsa utuchi n'kuika wouma, koma usanathe mlungu unali wasanduka chiphala chomata ku mapazi a nkhuku. Mazira anayamba kutuluka m'zisa ali ndi zitosi, ena osweka, ndipo chiwerengero chake chinatsika ngakhale chakudya sindinachepetse.

Chimene chinandipweteka mtima ndi kujomphana. Panali kamsoti kofiira, kofatsa, kamene kanaswedwa pomwepa. Ndinakapeza kataloza mutu pakona, pakati pa chisa ndi khoma, kakuyesa kubisala pamalo osakwana n'komwe thupi lake. Nthenga za pamsana zinali zitathothoka, khungu lili pamtunda, ndipo pamwamba pa mchira panali bala lofiira. Nditakagwira, chifuwa chake chinali fupa lokhalokha. Kanali kasakudya, osati chifukwa chosowa madeya, koma chifukwa kakayandikira modyera, thadzi lalikulu linkakathamangitsa, ndipo kanalibe kothawira. Nkhuku zili ndi ufumu wawo, wina amaopa wina, ndipo zimenezi sizitha. Panja wamng'ono akajomphedwa amangosuntha pang'ono, nkhani n'kuthera pomwepo. M'khola lothina amasuntha n'kugundanso wina womuposa. Ndipo nkhuku zikaona magazi sizileka, zonse zimathamangira pa bala lomwelo mpaka mnzawo kufa.

Ndinakachotsa kamsotiko n'kukasunga m'katoni kukhitchini, kenako ndinaitana alangizi a ziweto. Ndinkayembekezera kuti andilembera mankhwala. Iwo anayang'ana m'khola, nandiuza kuti ndinjute pansi, mutu wanga ufanane ndi pamene pamafika mutu wa nkhuku.

"Mayi, tapumani mpweya umenewo. Inu mumaumva mukaimirira pakhomo kwa kanthawi. Izi zikupuma umenewu usiku wonse."

Sindinathe kukhalitsa, misozi inayamba kutuluka. Anatapanso utuchi kudzaza dzanja, naufinya, ndipo atatambasula dzanja unatsala uli chibulunga. Anati utuchi wabwino ukaufinya uyenera kumwazika ukautaya. Ukagwirana choncho ndiye kuti wanyowa mopitirira, ndipo m'chinyontho chotero ndi mmene mumaswana tizilombo toyambitsa coccidiosis, matenda a m'matumbo aja amachititsa anapiye kuchita zitosi za magazi. Mankhwala alipo, anatero, koma mukawapatsa n'kuzibwezera momwemo, mudzagulanso mwezi wamawa.

Miyeso imene ndikugwiritsa ntchito lero ndinaiyamba tsiku limenelo, ndipo ndaiyesa pa nkhuku zanga m'nyengo zonse za chaka. Sikweya mita ndi malo a mita imodzi uku, mita imodzi uku. Ngati mulibe tepi, sitepe imodzi yaikulu ya munthu wamkulu imayandikira mita. M'kati mwa khola logona, nkhuku zazikulu zisapose 3 pa sikweya mita. Zachikuda, poti n'zazing'ono thupi, mukhoza kuika 4, koma za Mikolongwe ndi zamazira za kusitolo ayi. Muyeso umenewu ndi wa nkhuku zimene zili ndi bwalo lotchinga lotulukirako masana, ndipo pabwalopo nkhuku iliyonse ikhale ndi sikweya mita imodzi yakeyake. Umenewo ndi muyeso wotsikitsitsa. Ngati malo akukulolani, wonjezerani, ndipo muwonjezere kubwalo musanaganize zokuza chipinda, chifukwa ndi kumene nkhuku imathera tsiku lake. Munthu wofuna nkhuku 12 akufunika chipinda cha mamita 2 mbali zonse ndi bwalo la mamita 3 kwa 4.

Mudzakumana ndi anthu okuuzani kuti ku mafamu akuluakulu amaika zambiri kuposa apa. N'zoona. Malamulo a mayiko a ku Ulaya a m'bungwe la European Union amalola nkhuku zamazira mpaka 9 pa sikweya mita m'nyumba zoweta pansi. Koma nyumba zimenezo zimakhala ndi makina okoka mpweya, madzi odontha m'mipopi yosatayikira, ndi njira zochotsera zitosi zimene ife kuseri kwa nyumba tilibe. Ndipo malamulo omwewo amati mazira kuti agulitsidwe monga a nkhuku zoyenda panja, nkhuku iliyonse iyenera kukhala ndi masikweya mita 4 kunja. Tizipinda ta waya takale, momwe nkhuku imodzi inkapatsidwa masikweya sentimita 550, malo ochepera pepala limodzi la A4, ndi toletsedwa kumeneko kuyambira chaka cha 2012. Ngati amene amawerengera phindu pa dzira lililonse anafika povomereza kuti kuthinana kuli ndi malire, ife oweta nkhuku khumi tisatengere chiwerengero chawo n'kusiya makina awo. Za nkhuku zanyama ndi nkhani ina: zimenezo zimakhala masabata 6 kapena kuposerapo pang'ono n'kugulitsidwa, ndipo ambiri amaika pafupifupi 10 pa sikweya mita. Musatengere muyeso umenewo pa nkhuku zimene mukhale nazo zaka.

Nditawerengera, khola langa la masikweya mita 3 linali la nkhuku 9 kapena 10. Kukuza chipinda cha njerwa pa nyumba ya eni sikunali kotheka, choncho ndinachita ziwiri: kuchepetsa nkhuku ndi kumanga bwalo. Khirisimasi inali pafupi, nthawi imene tambala wachikuda sagona pamsika. Atambala achinyamata onse ndinagulitsa, misoti ina ndinapatsa achemwali anga, ina tinadya. Tambala mmodzi amakwanira zathadzi 8 mpaka 10. Mukasunga awiri kapena atatu pamalo otchinga, amamenyana okhaokha, komanso amakwera zathadzi mosalekeza mpaka misana kuyera.

A landilodi anandilola kugumula njerwa za m'mwamba mbali ziwiri zoyang'anizana n'kuikamo waya, kuti mphepo izilowa uku n'kutulukira uko pamwamba pa mitu ya nkhuku. Ichi chokha chinathetsa fungo kuposa china chilichonse. Ambiri timaopa kuti nkhuku zizizidwa, n'kumatseka paliponse. Nkhuku yaikulu ili ndi nthenga, ndipo thupi lake limatentha pafupifupi madigiri 41. Chimene imavutika nacho ndi kutentha, poti ilibe thukuta. M'mwezi wa Okutobala, pansi pa malata, mudzaiona itatsegula mlomo, ikupuma mwawefuwefu, mapiko atalekana ndi thupi. Kuti izizirike imafunika mpata woti mphepo idutse pakati pa iyo ndi inzake, ndiye zikathinana zimatenthetsana zokhazokha ndipo kuikira kumatsika. Ine ndinayala udzu pamwamba pa malata. Nthawi ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, ndimapachika masaka mbali imene kukuchokera mphepo ndi kamvula kaja, mbali inayo n'kuisiya yotsegula. Amene mukumanga kuyambira pansi, khoma la njerwa lifike cha m'chiuno, kumtunda konse waya, denga lituluke kunja mokwanira kuti mvula ya mphepo isalowe, ndipo mbali yaitali ya khola iyende kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo kuti dzuwa lisamalowe m'kati tsiku lonse. Likhalenso lalitali moti inuyo mulowe choimirira ndi tsache. Khola limene mumalowa chokwawa simudzalisesa kawirikawiri, ngakhale mutakhala wakhama chotani.

Pali malo ena amene sitiwawerengera. Nkhuku imafuna kugona pamwamba, ndipo iliyonse imafunika masentimita 25 pa mtengo wogonapo. Nkhuku 10 ndiye mtengo wa mamita awiri ndi theka. Ndinaika mitengo iwiri ya bulugamu yokula ngati mpini wa khasu, yotalikirana masentimita 40, yonse pa msinkhu umodzi, cha m'mawondo kukwererako pang'ono. Mukaika wina pamwamba wina pansi, madzulo aliwonse kumakhala nkhondo yolimbirana wapamwamba, ndipo za pansi zimadzuka zitachitiridwa zitosi. Mitengoyo ikhale pamwamba kuposa zisa, apo ayi nkhuku zimagona m'zisa n'kuzidetsa.

Zisa, mabuku a ulimi amati chimodzi pa zathadzi 4 kapena 5, chokula masentimita 30 mbali zonse, pakona ya mdima. Kwa zamazira za kusitolo zimenezo n'zokwanira. Kwa zachikuda onjezerani, chifukwa thadzi likayamba kufungatira limalanda chisa kwa masiku 21. Anzake akasowa koikira amakwera pamwamba pake n'kuikira momwemo, mazira atsopano n'kusakanikirana ndi ofungatiridwa, ena kusweka, ndipo pa tsiku loswa mumapeza theka lokha laswa. Ine thadzi likangokhalira, mazira ake ndimawalemba ndi pensulo, ndipo ndimalisamutsa usiku kupita kwake kwalokha.

Modyera ndi momwera ndinazipachika ndi waya kuchokera kudenga, pa msinkhu wa msana wa nkhuku. Pansi pamatsala malo oyendapo, madzi satayikira pa utuchi, ndipo nkhuku sizipalasira zinyalala m'chakudya. Modyera ndinaika muwiri, motalikirana, mwina m'kati mwina pabwalo. Thadzi lolusa silingathe kulondera malo awiri nthawi imodzi, choncho zofatsa zimadya. Kamsoti kofiira kaja, bala litapola ndi nthenga zitayamba kumera, ndinakabwezera usiku zinzake zili m'tulo, ndipo ndi njira ya modyera muwiriyi kananenepa n'kuyamba kuikira.

Bwalo ndinamanga la mamita 3 kwa 4, ndi mapolo a bulugamu, waya wa nkhuku, ndi nsungwi m'munsi kuti agalu asang'ambe. Wayayo ndinamukwirira pansi pang'ono kuzungulira konse chifukwa cha zilombo zofukula. Pamwamba pafunika kutchinga ngati muli ndi anapiye, poti kabawi ndi khwangwala saopa tauni. Ndaona anthu akutchingira ndi masikito neti. Neti ndi yogonamo ana athu kuti apewe malungo, komanso galu amaing'amba kamodzi n'kamodzi.

Apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo, chifukwa bwalo la nkhuku m'dzinja lili ndi vuto lake. Walira mvula walira matope. Nkhuku 10 pa masikweya mita 12 zimamaliza udzu wonse m'masiku ochepa, n'kutsala dothi lokhalokha. Mvula ya Januwale ikagwa pa dothi losakanikirana ndi zitosi, bwalo limasanduka chithaphwi chonunkha, nkhuku zimakana kutuluka, n'kubwerera kukadzazana m'chipinda muja. Pamenepo bwalo lilipo pa maso okha, koma nkhuku zabwereranso pa masikweya mita 3. Ndiye bwalo musamange pamalo otsika. Ine ndinakumba ngalande kumtunda kwake kuti madzi ochokera ku denga la nyumba ndi kwa aneba azilambalala, ndinathira mchenga wa kumtsinje kuti pakwere, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu ndinalifolera ndi malata akale. Pansi pa denga limeneli ndi pamene nkhuku zimathera tsiku la mvula, ndi pamenenso zimabisala dzuwa. Pomwepo ndinaika tayala lakale lodzaza mchenga wouma wosakaniza ndi phulusa. Mukaona nkhuku itagona cham'mbali m'menemo, ikudzithira fumbi ndi mapiko mpaka kulowa pansi pa nthenga, dziwani kuti ikuchotsa utitiri ndi nsabwe. Nkhuku yoyenda panja imadzipezera yokha malo otere. Yotsekeredwa ikawasowa, utitiri umachuluka msanga, ndipo umafika mpaka m'nyumba.

Nkhuku inalengedwa kuti izipalasa ndi kujompha tsiku lonse. Mukaipatsa chakudya m'mbale, imakhuta m'kanthawi kochepa, mlomo n'kutsala wopanda ntchito, ndipo ntchito imene imaipeza ndi nthenga za inzake. Ndimathira pabwalo udzu wozulidwa m'munda, masamba ouma, makoko a mtedza, n'kumwaza chimanga chochepa m'menemo kuti zifufuze. Ndimamanga chisoso, bonongwe kapena masamba a kabichi otsala kumsika pa chingwe, n'kupachika pamene ziyenera kutambasula khosi kuti zifike. Ndinaimikanso chidutswa cha lata pakati pa bwalo ndi kuika chitsa, kuti yothamangitsidwa izitha kuzimirira pamaso pa yoithamangitsa. Zinyalala zonsezi zikaphwanyika n'kusakanikirana ndi zitosi ndimazikokola n'kuziunjika kuti ziwole, ndipo manyowa ake ndi amene amabiriwitsa mpiru wanga. Amayi oyandikana nafe aja amadzatengako a chimanga chawo.

Amene puloti yanu ndi yaing'ono kwambiri, khola la m'mwamba la makolo athu lingakuthandizeni. Mukalikweza mita imodzi kuchokera pansi n'kulimanga m'kati mwa bwalo, malo a pansi pake amakhala mthunzi ndi pobisalira mvula, choncho malo amodzi agwira ntchito ziwiri. M'kholamo, popondapo nkhuku, muyale nsungwi zosiya timipata kuti zitosi zizigwa, koma muzizikokola kawirikawiri poti nkhuku zizikhala pomwepo masana.

Malo otsiriza amene ndikukupemphani musawaiwale ndi kakhola kapadera, ngakhale ka mita imodzi mbali zonse, kotalikirana ndi khola lalikulu. Ndi komwe kumapita thadzi lofungatira ndi anapiye ake, kuti asapondedwe ndi zazikulu. Ndi komwe kumapita yovulala kapena yooneka yozyolika. Ndi komwenso nkhuku yachilendo, yogula kumsika kapena yopatsidwa ndi achibale, imakhala masabata awiri isanasakanikirane ndi zinzake. Chitopa sichibwera chifukwa cha kuthinana, chimabwera ndi kachilombo, kawirikawiri kudzera mwa nkhuku yachilendo, ndipo chimavuta kwambiri m'miyezi yotentha mvula isanagwe. Koma chikalowa m'khola lothina ndi lopanda mpweya, chimasesa zonse m'masiku ochepa. Malo okwanira salowa m'malo mwa katemera. Zanga zimalandira katemera wa I-2, wa dontho limodzi m'diso uja, miyezi inayi iliyonse, zazikulu ndi anapiye omwe.

Chovuta kwambiri pa zonsezi si kumanga, koma kusunga chiwerengero. Nkhuku zachikuda zimaswana mofulumira, ndipo anapiye amanyenga: ali aang'ono satenga malo, mumangosangalala kuwaona akutsatira make. Pakatha miyezi itatu aliyense wayamba kufuna malo ake pa mtengo wogonapo ndi pabwalo. Kwathu malire ndi nkhuku zazikulu 10. M'chilimwe, anthu atakolola ndipo nkhuku zikutulukanso, ndimalola kuti zichuluke kuposa apo. Koma mwezi wa Okutobala ukafika ndimaziwerenga usiku zili pa mitengo, n'kusankha zotsala: misoti ya ana a zathadzi zoikira bwino ndi zolera bwino imalowa m'malo mwa amawo okalamba, ndipo tambala ndimasinthana ndi wa kwina kuti asamakwere ana ake. Zotsalazo zimayamba kupita kumsika mvula yoyamba isanagwe, ndipo atambala ochepa onenepa ndimawasunga m'kakhola kapadera kaja kudikira ogula a pa Khirisimasi.